Ndikafa Ndili Wodulidwa

Lolemba, 5 Juni 1995. Chipatala cha boma, Dowa, wodi ya amuna a chifuwa.

Andigoneka lero m'mawa. Ndisanayambe kudandaula za thupi, pali zinthu zoti zikonzedwe.

Njinga ya ofesi ili kunyumba ku Chisepo. Ibwezedwe, wina angaibe ine n'kudzayankha mlandu. Alimi anga auzidwe kuti phunziro la kusankha fodya lalephereka. Mkazi wanga Lenia apeze womusiyira ana, poti iye akhala kuno kundidikirira. Izi ndi zazing'ono. Chachikulu ndi nkhani yanga ya kumpingo, ndipo ndiilemba bwinobwino kuti ndisamaizungulire m'mutu mokha.

Mu Febuluwale anamwalira amalume anga, amene anandilera ndi kundiphunzitsa mpaka ku koleji ya zaulimi. Anali a gule. Ndinapita ku maliro, ndinanyamula nawo bokosi. Zilombo zitatuluka ndinakaima kuseri kwa chigafa, nkhope ku khoma, mpaka ng'oma zitaleka. Mu Malichi akulu a mpingo anati ndinapezeka pa maliro achikunja, ndipo anandidula. Sindidya Mgonero. Lamulo lake tonse timalidziwa: munthu akafa ali wodulidwa, mpingo supita. Palibe abusa, palibe nyimbo, amayi a chigwirizano sagona m'siwa.

Mu Malichi ndinali ndi mphamvu, ndinkati ndidikira nthawi ya chilango ithe. Lero sikelo yati makilo 49.

M'makhololo apezamo TB. Jakisoni m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri, ndi mapiritsi amitundu itatu, kumwa ndisanadye.

Lachitatu, 7 Juni

Mkodzo watuluka wofiira. Ndinakhala pabedi ndikuganiza za impso. Mnzanga wa bedi la kumanzere, a Abasi, Msilamu wa golosale ku Chezi, anandiyang'ana n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Alangizi, musagawe chuma. Ndi kapiritsi kofiirako. Muno tonse tikukodza sobo."

Ndinafunsabe anamwino. Anena zomwezo. Koma anayankha msanga kwambiri, osandiyang'ana.

Singano ndimaonetsetsa kuti atsegule yatsopano ndikuona. Anamwino wina wayamba kundionetsa dala, kuigwedeza m'mwamba ngati wamalonda.

Lachisanu, 9 Juni

Kutentha thupi 38.4. Thukuta, kenako kuzizidwa. Mphepo ya ku phiri ikulowera pa zenera losweka. Lenia watseka ndi katoni. Phala ndamwa theka.

Lamulungu, 11 Juni

Abwera a Gideoni, mkulu wa mpingo wa dera lathu. Ndiwo anatengera nkhani yanga ku bwalo la akulu. Anabweretsa nthochi ndi mazira owiritsa. Anakhala patali pang'ono ndi bedi, mpango pakamwa. Sindiwadzudzula, chifuwachi n'chopatsirana.

Anapemphera bwino, koma m'pempherolo anati "ngati ali wanu" kawiri. Atatha ndinafunsa.

"A Gideoni, mwati ngati ndili wake. Mukukayika?"

"Sindikukayika, sindikutsimikiza. Mulungu anasankhiratu ake dziko lisanalengedwe. Inu mumaphunzitsa ana katekisimu, mukudziwa. Ngati muli m'gulu limenelo, kudulidwa sikungakuchotsenimo. Ngati mulibemo, ngakhale titakubwezerani mawa, mudzangodya buledi."

"Ndiye munandiduliranji, ngati sikusintha kanthu?"

"Mtima sitiuona, alangizi. Timaona zipatso."

"Ndinafulatira. Amene anakuuzaniyo anakuuzaninso zimenezo?"

"Msana unafulatira. Nanga makutu?"

Ndinawapempha kuti akauze abusa kuti ndili pano, ndi kuti bwalo liganizire zondibwezera ndili pabedi, monga amachitira ndi odwala kwambiri. Anati bwalo likumana kutha kwa mwezi, ndipo akawauza abusa. Anatero akuyang'ana botolo la makhololo pansi pa bedi.

Atapita, a Abasi anati, "Mbale wanuyu amagulitsa chiyani?"

"Sagulitsa kanthu. Ndi mlimi."

"Ayi, ndimati mwina. Amalankhula ngati munthu amene katundu ali naye koma sakufuna kukupatsa."

Mazira ndapatsa Lenia.

Lachitatu, 14 Juni

Tchuthi, adokotala sanazungulire. Wina ali ndi wailesi, ndipo wodi yonse yatha tsiku ikukangana za zipani. Zaka zitatu zapitazo palibe akanatsegula pakamwa. Lero munthu wopanda mpweya akudzuka pabedi kuti anene maganizo ake pa mtengo wa feteleza.

Ine ndimakumbukira china. Nthawi ya chipani chimodzi gule ankavina pa misonkhano pa Chisepo, ndipo tonse tinkapita, poti kusapita kunali kuputa mlandu. A Gideoni ankakhala kutsogolo, akuomba m'manja. Palibe anadulidwa. Kodi tchimolo layamba chaka chatha, mantha atatha? Kapena n'chifukwa choti ine ndinkatchulidwa kuti ndingakhale mlembi wa mpingo? Sindikudziwa. Ndangolemba.

M'makutu mwayamba kulira ngati nkhululu. Akuti ndi jakisoni.

Lamulungu, 18 Juni

Makilo 48.

Lenia anabwera ndi futali, nayamba kupinda ndi kupindulanso chitenje. Kenako anafunsa, osakweza maso:

"Bambo a Lonjezo, chilipo choti ine ndidziwe?"

"Ngati chiyani?"

"Chaka chatha munakhala miyezi itatu ku kosi ku Lilongwe."

 Ndinamuuza kuti palibe, ndipo palibedi. Ndinafunsa amene wamuika zimenezi m'mutu. Anati palibe. Nditakakamiza anati a Lusiya, akazi a a Gideoni, anamupeza dzulo kukhitchini ya odikirira odwala. Anamubweretsera nkhuni ndi ufa, namuuza kuti alimbe mtima, poti masiku ano chifuwa sichibwera chokha.

Ndiye kumudzi nkhani yafika pamenepo. Sakunenanso za maliro a amalume. Akuti ndi matenda atsopanowa, ndipo Mulungu akuulula zimene ndinabisa.

Lenia anati wandikhulupirira. Ananditsuka mapazi. Koma ndinaona kuti kapu yanga anaitsuka payokha, kawiri. Mwina amatero masiku onse, ine sindinkaona.

Lachiwiri, 20 Juni

Mpweya ukuchepa, ndikagonera kumanzere ndimabanika. Andijambula pachifuwa. Kumanja kuli madzi. Adokotala analowetsa singano yaikulu pakati pa nthiti, napopa madzi achikasu, pafupifupi botolo limodzi la dilipi. Ndinaluma pilo.

Ndinawafunsa ngati angandiyeze magazi kuti ndikaonetse anthu. Anati, "Mukaonetse ndani, bambo Kwenda? Mankhwala ake ndi omwewa. Limbikani kudya." Sanakane, sanavomere. Potuluka analankhula ndi anamwino m'Chingerezi chapansipansi. Chingerezi ndimamva, koma makutuwa andigwiritsa mwala.

Lachinayi, 22 Juni

Sindinadzuke. 39.1. Jakisoni, mapiritsi.

Loweruka, 24 Juni

Ndapezako bwino. Wabwera Yosefe, msuweni wanga, mwana wa malemu amalume. Wayenda pa njinga kuyambira m'mamawa. Analowa ndi nkhuku yamoyo kukhwapa, anamwino n'kumuthamangitsa nayo. Anabweranso chimanjamanja akuseka, nakhala pabedi penipeni, osaopa chifuwa.

"Msuweni, watha chonchi? Mkazi uja ndimutenga ine basi. Wayamba kale kundiyang'ana bwino."

"Ungamudyetse chiyani iwe, fodya wako woola uja?"

Ndinaseka koyamba chibwerereni kuno. Anandiuza za kumudzi, za ng'ombe imene inagwera m'chitsime, za mbale wathu amene wagula wailesi yopanda mabatire. Kenako anatsitsa mawu.

"Tamva kuti akumpingo akutaya. Usade nkhawa. Tinakambirana kale ndi akuluakulu kudambwe. Chikachitika chinthu, sugona ngati galu. Unanyamula bambo anga, ine ndidzanyamula iwe. Gule adzatuluka wamkulu, anthu adzasimba."

Ananena ndi chikondi chenicheni, misozi ili m'maso. 

"Yosefe, ine ndinachoka kumeneko. Ndinabatizidwa ndili ndi zaka 17."

"Unachoka iweyo. Ife sitinakuchotse. Anakumeta uli mwana, ine ndilipo. Wometa ndi wometa, kaya avale tayi."

Ndinamuuza kuti sindikufuna. Anati, "Ndiye auze anzakowo abwere. Akabwera ndi nyimbo zawo, ife tikhala pambali, tidzangokumba manda. Koma akapanda kubwera, tikusiye pa mphasa?"

 Mpingo unandidula chifukwa ndinaima pafupi ndi gule ola limodzi, ndipo ukapanda kundibwezera undipereka kwa gule ndi manja ake. Ana anga adzaona zilombo zikuvina pa maliro a bambo awo amene ankawaphunzitsa katekisimu.

Nkhuku Lenia waphika. Ndadya msuzi ndi chiwindi.

Lamulungu, 25 Juni

A Gideoni abweranso. Ndinawauza za Yosefe, ndikuganiza kuti adzidzimuka. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwaona? Eni ake akudziwa chawo."

"Ine si wawo."

"Ndikhulupirira choncho. Koma njira ilipo, alangizi. Mulembe kalata yolapa, ine ndipita nayo ku bwalo. Muvomere za malirowo. Muvomerenso zinazo."

"Ziti?"

"Musandivutitse kuti nditchule m'chipatala. Munthu akalapa theka, bwalo limaona."

"Palibe zinazo."

"Ndiye chifuwachi chachokera kuti?"

"Kwa alimi. Ndimalowa m'zigafa, ndimakhala m'nyumba za anthu otsokomola. A Abasi awa chawachokera kuti? Anyamata awo pakonapo?"

"Za iwo sindiyankha. Si nkhosa zanga." Anakonza mpango pakamwa. "Wosankhidwa savutika kulapa. Kuuma mtima ndiye chizindikiro chimene chimandiopsa ine."

Apa ndinaona msampha wake. Ndikavomera bodza, ndine wachigololo, Lenia achita manyazi moyo wake wonse, koma andiimbira. Ndikakana, ndine wouma mtima, ndiye kuti sindinasankhidwe. Ndinawafunsa ngati munthu angalowe kumwamba ndi bodza m'kamwa. Anati palibe akundiuza kunama, akungondiuza kufufuza mtima.

Ndinafunsa ngati abusa anauzidwa. Anati abusa atanganidwa ndi maulendo a m'midzi.

Lachiwiri, 27 Juni

Masana ndinakhala padzuwa pakhonde ndi a Abasi. Kuchokera pamenepo mapiri a ku Ntchisi amaoneka bwino kukacha. Ndinawafunsa ngati kwawo amakhulupiriranso kuti zonse zinakonzedweratu.

"Kwambiri. Tsiku langa linalembedwa ndisanabadwe. Jakisoni uyu salisuntha."

"Ndiye mumabayitsiranji?"

"Poti sanandionetse pamene analembapo. Mwina analemba kuti Abasi adzabayitsa, n'kuchira, n'kukavutitsanso mkazi wake zaka makumi awiri. Ndikakana jakisoni ndiye kuti ndikunamizira kuti ndinawerenga." Anatsokomola, nalavula m'kabotolo. "Mbale wanu uja vuto lake ndi limenelo. Akuchita ngati anasuzumirako."

Ndakhala ndikuganiza zimenezi. Chiphunzitsocho sindikuchikana. Ndinachiphunzira, ndinachiphunzitsa, ndipo masiku ena chinkanditonthoza: kuti chipulumutso sichidalira mphamvu zanga, zimene lero sizikwana kunyamula ndowa. Tinkaphunzitsidwa kuti ntchito zabwino ndi kuthokoza, si malipiro. Koma ngati ndi kuthokoza, kodi kunyamula munthu amene anandilera sikunali kuthokoza? Tinaphunzitsidwanso kulemekeza makolo. Pa tsiku lija malamulo awiri anakumana pa chigafa, ndipo ndinayesa kusunga onse awiri. Mwina ndinalakwa. Ngati ndinalakwa, ndi pamenepo, osati ku Lilongwe.

Komanso ndimadzifunsa: bwanji ngati a Gideoni akunena zoona, kuti kukana kwangaku ndi kunyada? Munthu wotayika amadziwa kuti ndi wotayika? Kapena amakhala ngati ine, ndi zifukwa zake zokonzedwa bwino?

Ndayang'ana khungu lonse, palibe zidzolo.

Lachinayi, 29 Juni

Madzi abwereranso, ndipo tsopano ndi oderako, ngati mafinya. Adokotala akuti pakufunika kuika paipi m'chifuwa, ndipo zimenezo achita ku Lilongwe. Ambulansi ipita Lachitatu. Ndinafunsa ngati anthu amabwerako. Anati ambiri amabwerako. Mawu akuti "ambiri" ndawatembenuza tsiku lonse.

Makilo 46. Ndatuma Lenia kunyumba mawa, akaone ana, akafikenso kwa abusa iye mwini.

Loweruka, 1 Julaye

Lenia wabwera madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Abusa anawapeza. Ankadziwa kuti ndikudwala, koma anauzidwa kuti ndikupeza bwino ndipo nditulutsidwa posachedwa. Bwalo la akulu linakumana Lachitatu lapitali. Dzina langa silinatchulidwe.

Abusa akuti anadandaula, koma sangachite kanthu pa mawu a mkazi okha. Nkhani iyenera kubwera ndi mkulu wa dera, kapena ndi kalata ya mwini wake. Akalandira kalata angathe kuitana akulu atatu mwadzidzidzi.

Ndinkadziona ngati ndikukayikira a Gideoni pachabe. Ndikanakonda zikanakhala choncho.

Lenia anati Lonjezo anafunsa ngati n'zoona kuti atate ake adzaikidwa ndi zilombo. Anamva kusukulu.

Lamulungu, 2 Julaye

A Gideoni anabwera ndi malalanje. Sindinadikire pemphero.

"Bwalo linakumana Lachitatu. Bwanji simunanene?"

Sanakane, ndipo sanachite manyazi. Anaika malalanje pa kabati bwinobwino.

"Ndinapemphera nazo kwambiri, alangizi. Ndinaona kuti tisathamange kutsogolo kwa Mulungu. Nkhani yanu ili m'manja mwake tsopano. Mukadzuka pabedipa, tonse tidzadziwa kuti anthu amakunamizirani, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukugwirani chanza pakhomo la tchalitchi. Mukapanda kudzuka, ndiye kuti wayankha yekha. Tikakubwezerani lero, n'kudzapezeka kuti munali ndi chobisa, tidzakhala taimbira nyimbo zoyera pa chinthu chodetsedwa."

"Ndiye kuti aliyense wakufa ndi wolakwa? Mwana wanu uja anamwalira ndi malungo analakwa chiyani?"

Sindinayenera kunena zimenezo. Nkhope yawo inagwa. Kenako anati, "Uja anali wobatizidwa, sanadulidwe," natenga chipewa.

Chimene chandisokoneza n'chakuti sananame lero. Ndinkaganiza kuti akufuna udindo, kapena ali ndi kaduka. Mwina zilipo. Koma ndinaona m'maso mwawo kuti akukhulupiriradi zimene akunena, ndipo akuganiza kuti akundichitira chilungamo. Munthu wotere sungamugonjetse ndi mtsutso. Adikira mpaka bokosi.

A Abasi ati mwana wawo wamkulu, Nasser, amayendetsa galimoto ya matola ndipo mawa adutsa ku Chisepo kukatenga fodya. Angapereke kalata m'manja mwa abusa, osadzera kwa wina aliyense. Ndinafunsa ngati ndi wokhulupirika. A Abasi anati, "Ndalama amaba pang'ono. Makalata ayi."

Lolemba, 3 Julaye

38.7. Kalata ya kwa abusa ndalemba kawiri. Nasser wanyamula kalata m'ma 9 koloko. Ndamuuza kuti asaisiye kwa mlonda kapena kwa mwana, ndipo adikire pakhomo mpaka abusa atsegule envulopu. Ndaikopera pano mawu ndi mawu, kuti Lenia adzakhale nayo wina akadzanena kuti ndinalemba zina.

*Abusa,*

*Ndine Elisha Kwenda, wa dera la a Gideoni, amene munandidula mu Malichi. Ndili m'chipatala ku Dowa kuyambira pa 5 Juni. Sindikupeza bwino monga munauzidwira. Lachitatu m'mawa anditengera ku Lilongwe kukandiika paipi m'chifuwa, ndipo adokotala sanandilonjeze kuti ndibwerako.*

*Pa maliro a amalume anga ndinapita, bokosi ndinanyamula, ng'oma ndinazimva ndili chofulatira. Sindibisa. Ngati bwalo likuti limenelo ndi tchimo, bwerani mundiuze pamaso, mundionetse pamene ndinayenera kuima tsiku limenelo, ndipo ndilapa ndi mtima wonse. Koma ndauzidwa kuti ndivomerenso chigololo. Chimenecho sindinachite, ndipo sindilemba, ngakhale zitatanthauza kuti ndiikidwa popanda nyimbo. Sindingagule maliro ndi manyazi a mkazi wanga.*

*Sindikukufunsani ngati ndili wosankhidwa. Inu simudziwa, a Gideoni sadziwa, inenso pabedi pano masiku ena sindidziwa. Ndikukufunsani chimene chili m'manja mwanu. Ndikafera ku Lilongwe, mtembo wanga ukafika pa Chisepo, mpingo udzabwera kapena ayi?*

*Abale anga a kudambwe ayankha kale, ndipo sanandifunse kalata. Ana anga akudikira kumva kuti bambo awo ndi wa yani.*

*Nasser, amene wakupatsani kalatayi, abwereranso kuno mawa madzulo. Chonde mumupatse yankho, ngakhale la mzere umodzi, lindipeze ndisanakwere ambulansi.*